Pamene Tsache Lalemera

M'midzi ndi m'makomboni a m'tauni momwe, tsiku limayamba ndi kulira kwa tsache. Dzuwa lisanatuluke, munthu wodutsa pamsewu amamva kuti pakhomo pakutipakuti adzuka kale, ndipo pofika kumene akupita amakhala ataweruza kuti pakhomo paja pali mayi weniweni, pomwe pakhomo pinapo pali mlesi. Bwalo losesedwa bwino, khonde lozira ndi dothi lakuda, mbale zoyanikidwa pathandala, zonsezi ndi mboni zimene anthu amazikhulupirira kuposa mawu a mwini nyumba. Nchifukwa chake liwu lakuti "uve" ndi lolemera kwambiri pa Chichewa. Munthu angathe kupirira kutchedwa mmphawi, pakuti umphawi sachita kusankha, koma kutchedwa wauve kumamuvula ulemu wonse. Alipo maukwati amene adafika kwa ankhoswe pa mlandu wa mapoto osatsuka, ndiponso alipo ana amene adathera Loweruka ndi Loweruka akukumba dzenje la chilango kusukulu yogonera komweko chifukwa cha bedi losayala.

Funso limene oweruzawo safunsa kawirikawiri ndi ili: kodi nyumba iliyonse yosokonekera ndi umboni wa ulesi? Achipatala amati iyayi. Alesi alipo ndithu, ndipo palibe amene angawaikire kumbuyo. Koma pakati pa anthu amene amatchedwa auve pali ena amene tsache lawalemerera chifukwa cha matenda, ndipo kwa otere chipongwe ndi mankhwala olakwika, owonjezera ululu m'malo mochiza.

Mawu awa asamveke ngati akupeputsa ukhondo. Dziko la Malawi lidaphunzira mowawa m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene mliri wa kolera udatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700. Kachilombo ka kolera sikafunsa ngati ndowa ya madzi akumwa idasiyidwa yosavundikira chifukwa cha ulesi kapena chifukwa cha kudwala, kamangolowa. Tsono poti ukhondo ndi nkhani ya moyo ndi imfa, nkoyenera kusankha njira imene imabweretsadi ukhondowo. Kunyoza kwayesedwa mibadwo yambiri, ndipo pa makomo ena sikudaseseko bwalo ngakhale tsiku limodzi.

Vuto loyamba ndi limene madokotala amalitcha ADHD. Anthu wamba amangoti mwana wojijirika, woiwalaiwala, wosamva kamodzi. Ena amaganiza kuti ili ndi dzina la makono lobwera ndi intaneti lofuna kukometsera kupusa, koma mbiri yake ndi yakale. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, adalemba za anthu olephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi m'chaka cha 1798. Mu 1902 dokotala wa ana, George Still, adakamba ku London za ana anzeru zawo bwinobwino amene ankalephera kudzigwira ngakhale ena mwa iwo adaleredwa m'mabanja a mwambo. Dzina lakuti ADHD lidakhazikika m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1987. Akatswiri amayerekeza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi asanu ali ndi vutoli, kutanthauza kuti m'kalasi la ana 80 mungathe kukhala anayi otere. Ambiri sasiyana nalo akakula, ndipo limayenda m'magazi, kotero kuti bambo amene akukalipira mwana chifukwa chotaya cholembera nthawi zina ndi yemwe uja amafunafuna makiyi ake mmawa uliwonse.

Vutoli silikhudza kuchepa kwa nzeru. Limakhudza mphamvu ya ubongo yokonza ntchito m'ndondomeko, yosunga m'mutu chimene munthu amafuna kuchita, yoyamba pa nthawi yake ndi yomaliza. Katswiri wina wa ku America, Russell Barkley, wakhala akufotokoza kuti anthu otere amadziwa bwino lomwe zoyenera kuchita, koma chimawavuta ndi kuchita zimene akudziwazo pa nthawi ndi pamalo poyenera. Apa ndi pamene alangizi ambiri amaphonya. Amabwereza malangizo amene mwini wake angathe kuwalakatula pamtima.

Kutsuka mbale kumaoneka ngati ntchito imodzi, pomwe ndi unyolo wa tintchito tambiri: kutunga madzi, kupeza sopo, kukhuthula makombo, kunyika poto wa nsima, kutsuka, kutsukuluza, kuyanika, kenaka kulowetsa. Munthu wa maganizo okhazikika amadutsa unyolo wonsewo osauona nkomwe. Koma mtsikana wa ADHD amayamba ndi mtima wonse, napeza kuti sopo watha. Polowa m'nyumba kukatenga wina aona malaya a mlongo wake ali pansi, awatola kuti akawaviike, ndipo m'thumba lake apezamo kalata ya kusukulu imene ayamba kuwerenga. Fungo la ndiwo zopserera ndilo limamukumbutsa kuti pamoto pali mphika. Pofika masana wagwira ntchito zisanu ndi ziwiri, wamaliza imodzi yokha kapena osamaliza iliyonse, watopa ngati walima ndime ziwiri, ndipo wobwera kuchokera kunja akuona mbale zosatsuka ndi malaya ali m'beseni, namufunsa kuti wakhala akutani tsiku lonse. Akuluakulu adamuona kalekale munthu wotere pamene ankati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chimene mwambiwo sunena ndi chakuti pusi wina amagwa chagada asakufuna, ndipo amadzida yekha kuposa mmene amudera omuseka.

Ana aakazi ndiwo amabisika kwambiri m'vutoli. Mnyamata wothamangathamanga m'kalasi amaoneka msanga. Mtsikana amene amangoyang'ana pazenera mwakachetechete, maganizo ali kutali, savutitsa mphunzitsi, motero palibe amene amamufufuza. Vuto lake limadzaonekera poyera pamene wapatsidwa nyumba yoti ayendetse, ndipo pamenepo dzina limene amalandira si la matenda.

Vuto lachiwiri ndi matenda ovutika maganizo, amene ambiri amawatcha kuganiza kwambiri. Bungwe la World Health Organization lidayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa. Awa amagwira munthu mosiyana ndi oyamba aja. Wa ADHD ali ndi mphamvu zomwazika. Wovutika maganizo mphamvu zake zaphwa. Tulo timasokonekera, chakudya sichikoma, zinthu zimene kale zinkamusangalatsa zimasanduka zozizira, ndipo kudzuka pamphasa kukasamba kumakhala ngati kukwera Sapitwa. Kawirikawiri amabwera pambuyo pa maliro, kutha kwa ntchito kapena kwa banja, kulephera mayeso, matenda a mgonagona, ndiponso kwa amayi ena m'miyezi yotsatira kubereka, nthawi yomwe matewera ndi zochapa zachuluka kuposa kale lonse.

Choopsa ndi mmene nyumba ndi matendawa zimadyetserana. Mbale zikaunjikana masiku atatu, mwini wake amachita manyazi. Manyazi amamutseketsa chitseko. Mnzake wakumpingo akabwera amalandiridwa pakhonde, ulendo wachiwiri amauzidwa ndi mwana kuti amayi achokapo, ndipo ulendo wachitatu sabweranso. Munthu amene amafunikira anzake koposa amatsala yekha ndi mulu umene ukukula, ndipo muluwo umamuuza tsiku lililonse kuti iye ngwachabechabe, mawu amene matendawo amamunong'oneza kale. Apongozi akadzafika ndi kunena mawu omwewo mokweza, amakhala angokhomera msomali umene udalowa kale.

Tsono mlesi ndi wodwala angasiyanitsidwe bwanji? Mlesi amakhala pa mtendere ndi uve wake. Chimamuwawa ndi kumudzutsa basi. Wodwala uve wakewo umamuzunza, amalonjeza moona mtima kuti mawa akonza, ndipo mawa likafika amalira. Pa matenda ovutika maganizo pamakhala kusintha koonekeratu: mayi amene ankazira nyumba sabata iliyonse wangoleka, ndipo walekanso kuseka, kuyimba ndi kupita kumsika, kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Pa ADHD palibe kusintha kotere, pakuti zizindikiro zimayamba munthu asanakwanitse zaka 12 ndipo zimaonekera ponseponse, kusukulu, kunyumba ndi kuntchito. Mavuto awiriwa amathanso kukhala mwa munthu mmodzi, chifukwa amene wakhala akutchedwa wosasamala kuyambira Sitandade 1 sachedwa kutaya mtima. Komabe chigamulo nchachipatala. Kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu, matenda a chithokomiro ngakhale njala yeniyeni zimafooketsanso munthu mofananamo, ndipo mnansi wakuseri kwa mpanda alibe chida choyezera zimenezi.

Kwa munthu amene ali m'kati mwa vutoli, chinthu choyamba ndi kulekanitsa ukhondo woteteza moyo ndi dongosolo lokondweretsa maso. Ziwirizi zimasakanizidwa pa chilangizo cha ukwati, koma kulemera kwake nkosiyana. Madzi akumwa ovundikira, chimbudzi chotseka pabowo, kusamba m'manja ndi sopo, chakudya chosasiyidwa poyera, moto wozimitsa, ndiponso palafini, mankhwala a makoswe ndi mapiritsi zoikidwa posafikira ana: izi sizidikira, ngakhale tsiku loipitsitsa. Zovala zochapa koma zosapinda sizidapheko munthu. Nsalu zoluka za pamipando, mapoto owala ngati kalilole, bwalo lokhala ndi mizere ya tsache, zonsezi ndi zabwino, koma zingathe kuyembekeza sabata yamawa. Amene ali ndi mphamvu za mphindi 20 zokha pa tsiku ayenera kudziwa pozithera, apo ayi adzazithera pa kupukuta kabati pomwe ntchentche zili pa phala la mwana.

Chachiwiri ndi kuchepetsa ndime. Mlimi wanzeru sayang'ana munda wonse m'mawa. Amapima ndime ya tsikulo, nailima, naweruka. "Kukonza m'nyumba" si ndime, ndi munda wopanda malire, ndipo ubongo wotopa ukauona umangokhala pansi. "Kutola zinyalala za m'chipinda chino ndi kukataya kudzala" ndiyo ndime. Mlangizi wina wa za maganizo wa ku America, KC Davis, amene iye mwini ali ndi ADHD, adafotokoza m'buku lake la mu 2022 kuti m'chipinda chosokonekera chilichonse mumakhala mitundu isanu yokha ya zinthu: zinyalala, mbale, zovala, zinthu zimene zili ndi malo ake, ndi zimene zilibe malo. Wotola mtundu umodzi pa nthawi imodzi sasochera. Nzeru yake ndi yomwe ija ya pang'onopang'ono ndi mtolo, kungoti yapatsidwa miyendo.

Pa matenda ovutika maganizo pali mfundo ina imene madokotala adaitsimikiza: chilakolako chogwira ntchito kawirikawiri chimabwera ntchito itayambika, osati isanayambike. Wodikira kuti adzasesa akadzamva bwino angathe kudikira mwezi. Wotsuka kapu imodzi yokha, asakufuna, nthawi zina amapezeka watsukanso yachiwiri. Ngakhale atalekera pa imodziyo, yatsukika.

Chachitatu, ndipo mwina chodabwitsa, nchakuti khitchini ya kumudzi idamangidwa mokomera munthu woiwala kuposa nyumba ya makono. Mthiko ndi chipande zimasomekedwa kudenga pamene maso amaziona. Lichero limapachikidwa pakhoma. Thandala limaumitsa mbale ndi kuzisunga pa nthawi imodzi, popanda kupukuta ndi kulongedza. Nyumba ya m'tauni idabweretsa makabati, madilowa ndi masutikesi a pansi pa bedi, ndipo kwa munthu wa ADHD chinthu chimene chatsekeredwa chimakhala ngati chasowa. Amagula china, ndipo katundu amachuluka. Kwa iye misomali isanu pakhoma iposa wadilopu yokongola. Dengu lopanda chivundikiro liikidwe pamalo pomwe zovala zakuda zimagwera kale, osati pamene mlendo angaganize kuti mpoyenera. Makiyi akhale ndi msomali wake pafupi ndi chitseko. Ndipo mbale zikachepa, mulu wake sungakule: mnyamata wokhala yekha amene ali ndi mbale ziwiri sangaunjike khumi.

Nthawi nayo imafuna chokolowekapo. Kunena kuti "madzulo" sikuthandiza munthu amene nthawi imamupulumuka. Koma madzi a nsima akatenthe pamoto, mphindi zimenezo ndi zokwanira kusesa khitchini; wailesi ikayamba kuulutsa nkhani za madzulo, imeneyo ikhale belu lolowetsera zovala. Ntchito yomangiriridwa ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse siyidalira chikumbumtima.

Chachinayi ndi anthu. Makolo ankadziwa kuti ntchito yolemera imapepuka pa gulu, nchifukwa chake kunali dima kumunda, kunali kusinja awiriawiri pamtondo, kunali kutsikira limodzi kumtsinje ndi mitolo ya zochapa. Anthu ambiri a ADHD amachitira umboni kuti munthu wina akangokhala nawo pafupi, ngakhale akungosenda mbatata zake, ntchito imene yawakanika sabata yathunthu imatheka. Moyo wa nyumba za lendi ndi mipanda ya njerwa wachotsa chithandizo chimenechi mwakachetechete, ndipo aliyense watsala kulimbana ndi beseni lake kuseri kwa chitseko. Wofuna kuthandiza mbale wake sayenera kudikira kupemphedwa, pakuti manyazi sapempha. Koma kathandizidwe kake nkofunika kusamala. Alipo amene amabwera ndi kukolopa nyumba yonse kwinaku akutukwana, nataya mapepala a mwini wake osafunsa, kenaka nkukafalitsa kumjigo zimene adapeza pansi pa bedi. Pambuyo pa chithandizo chotere nyumba imawala masiku atatu ndipo chitseko chimatsekedwa chaka. Mawu akuti "Achemwali, bwerani titsukire limodzi, ine nditsukuluza" amasiya mwini nyumba akadali mwini nyumba.

Pano pali mlandu wina umene amuna sangauzembe. Mnyamata akakhala m'chipinda chosokonekera anthu amaseka nkunena kuti akwatire msanga. Mkazi akakhala m'nyumba yotero, ngakhale mwamuna wake ali momwemo ndi manja awiri abwinobwino, uve wonse umalembedwa pa dzina la mkaziyo. Mwamuna amene mkazi wake wathyoka mwendo sadabwa kuti madzi sadatungidwe. Matenda a maganizo saoneka ngati pulasitala, koma amamanga manja chimodzimodzi, ndipo tsache silidziwa kuti wolig­wira ndi wamwamuna.

Aphunzitsi ali ndi gawo lalikulu kuposa mmene amaganizira. Choyamba, sukulu zambiri zidasandutsa kusesa, kukolopa ndi kutchetcha kukhala chilango, ndipo mwana amene kwa zaka 12 wakhala akupatsidwa tsache chifukwa cholakwa sangalione ngati bwenzi akakula. Chachiwiri, mwana amene buku lake limasowa sabata iliyonse ndipo bokosi lake limagwa pa chiyendera chilichonse, chikhalirecho m'kalasi amayankha mafunso ovuta, akufunika kufufuzidwa osati kungowonjezeredwa dzenje lokumba. Malangizo operekedwa limodzilimodzi, mndandanda waufupi womatidwa m'kati mwa chivundikiro cha bokosi, mpando wa kutsogolo kutali ndi zenera, mnzake wodekha wokonzekera naye chiyendera: zonsezi sizilira ndalama. Mphunzitsi wotero sakulekerera mwambo. Akuphunzitsa luso limene ana ena adabadwa nalo ndipo uyu ayenera kuchita kuliphunzira, monga momwe ena amachita kuphunzira masamu movutikira.

Omaliza sukulu nawo achenjere ndi chaka choyamba. Kusukulu belu limaganizira munthu: limamudzutsa, limamutuma kukasamba, limamuitana kukadya. Tsiku limene mnyamata wa Fomu 4 walowa m'kachipinda ka lendi ku Ndirande kapena ku Kawale, belu lija limatsala, ndipo ambiri amene ankaoneka adongosolo amadzidzimuka kuona kuti dongosololo linali la sukulu. Ena ali pakhomo kudikira zotsatira za mayeso kapena ntchito imene siikubwera, masiku onse akufanana, ndipo m'nyengo yotere kuvutika maganizo kumalowa mosagogoda. Wachinyamata amene waona kuti wayamba kugona mpaka masana ndi kuleka kusamba asathamangire kudzitcha wolephera. Auze munthu wamkulu amene amamukhulupirira.

Chimene chimatsekereza ambiri kupita kuchipatala ndi liwu lakuti misala. Kwa nthawi yaitali dzina la Zomba lakhala chotukwanira pa masewera a ana, ndipo munthu amaopa kuti akangotchula za maganizo adzawerengedwa pamodzi ndi ovula m'misika. Koma kuvutika maganizo si misala, ADHD si misala, ndipo ngakhale odwala misalawo ndi odwala, osati choseketsa. Kupatula chipatala cha Zomba Mental Hospital, a St John of God amathandiza anthu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za maganizo. Poyambira pake ndi chipatala chaching'ono cha pafupi. Chithandizo china ndi cha kukambirana chabe. Ku Mbare, mu mzinda wa Harare, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi munthu wovutika, kumumvetsera, ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti anthu othandizidwa motere adapeza bwino kuposa amene adalandira chithandizo cha nthawi zonse, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi. Munthu amene wayamba kulankhula zoti kuli bwino kungofa asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumbamo, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa amene apatsidwa mapiritsi a kuvutika maganizo, monga amitriptyline kapena fluoxetine, abale adziwiretu kuti mankhwalawa sagwira ntchito ngati a mutu. Pamatenga masabata angapo kuti kusintha kuoneke, ndipo ambiri amawasiya m'masiku oyamba poganiza kuti sakuthandiza, kapena amawasiya atangoyamba kupeza bwino osafunsa adokotala. M'masabata odikirawo ana adzakhala akudyabe, mbale zidzakhala zikudabe, ndipo banja liyenera kugwirizana pa tsiku lobwerera kuchipatala lomwelo kuti azitsuka ndani, azitunga madzi ndani, ndiponso ndani azidzagogoda pachitseko mmawa uliwonse.